Ana aphokoso m'nyumba nthawi ya chisanu

Amayi, mwafunsa za ana anu amene akulumphalumpha m'fulati mpaka aneba apansi kudandaula. Musawakalipire kwambiri, mphamvu zawozo zikungosowa kotulukira.

Chisanu cha kuno ku Johannesburg mu June ndi July chimaluma m'mamawa ndi usiku, koma masana dzuwa limawala, mvula kulibe. Avekeni majuzi, mupite nawo ku paki ya Zoo Lake kapena ya Rhodes Park akathamange mpaka atope, madzulo akagona msanga. M'nyumba, yalani matiresi pansi azidumphapo, aneba samva kwambiri. Kukada, nthano ndi ndagi zimawakhazika pansi.

Chimene chimandiopsa ine ndi hita ya palafini kapena mbaula. Mwana wothamanga akhoza kuigunda. Iikeni pomwe safika, zenera likhale lotsegula pang'ono, ndipo chonde muzimitse musanagone.