Mafunso a Owerenga: Mbiri ya Parishi, Zosema ndi Zojambula za M'tchalitchi

FUNSO: Atipatsa ntchito yolemba mbiri ya parishi yathu pokonzekera chikondwerero. Akuluakulu akusiyana mawu pa chaka chimene mpingo unayamba kuno. Tiyambire pati? (Mlembi wa komiti, Salima)

YANKHO: Mwina akuluakuluwo onse akunena zoona, kungoti aliyense akuwerengera poyambira pake. Pali tsiku limene katekisiti anayamba kusonkhanitsa anthu, tsiku la Misa yoyamba, tsiku limene episkopi analemba kalata yokhazikitsa parishi, ndi tsiku limene tchalitchi chinadalitsidwa. Masiku amenewa amatha kutalikirana ndi zaka zambiri. Alembeni onse anayi, ndipo pa lililonse sonyezani kumene mwalipeza.

Yambirani mu ofesi ya bambo mfumu, m'buku loyamba la ubatizo. Lamulo la Mpingo nambala 535 likulamula parishi iliyonse kusunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a omwalira, nchifukwa chake tsamba loyamba limakupatsani tsiku losakayikitsa ndi dzina la wansembe amene anasainira. Amene anabatizidwa parishi isanaime payokha simudzawapeza mmenemo. Ali m'mabuku a misiyoni imene inkayendera dera lanu. Mabuku akale ali m'Chilatini, ndipo zolemba za tsiku ndi tsiku za ansembe a chipani cha White Fathers zambiri zili m'Chifalansa, choncho pemphani wansembe kuti awerenge nanu. Mayina a malo ndiwo amasokoneza anthu. Nkhotakota mudzaipeza yolembedwa Kota Kota, Mtakataka ngati Ntakataka. Dayosizi nayo inasintha dzina: inali Nyasa, mu 1951 inakhala Likuni, kenaka Lilongwe, ndipo mu 2011 inakwezedwa kukhala arkidayosizi.

Zaka izi zikuthandizani kuyesa zimene anthu akukuuzani. A White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 nachoka mu 1891. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula misiyoni ya Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers atabweranso anakhazikitsa Mua mu 1902. Wansembe woyamba wa dziko lino, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo okalamba ambiri amakumbukira zinthu potengera sitima kapena njala ya 1949. Ngati mukulemba za ku Nkhotakota, musasakanize mbiri yanu ndi ya a Anglican, amene anakhazikika kumeneko mu 1894.

Pofunsa okalamba, pitani kwa aliyense payekha, chifukwa pagulu onse amangovomera zimene wanena wamkulu. Ajambuleni mawu pa foni atavomereza. Amayi achikulire a m'makwaya ndi akazi a makatekisiti musawadumphe, ndiwo amadziwa amene anaumba njerwa ndi amene ankatunga madzi.

FUNSO: Nthambi yathu yakula, tchalitchi tinamanga tokha. Tichite chiyani kuti tikhale parishi? (Mkulu wa mpingo, Nkhotakota)

YANKHO: Bambo, wokhazikitsa parishi ndi episkopi yekha, atamva maganizo a bungwe la ansembe, likutero lamulo nambala 515. Pempho lanu lidzere kwa bambo mfumu. Chimene chimayang'anidwa kwambiri ndi ngati mungadzidalire: chiwerengero cha obatizidwa, miphakati imene imakumanadi, mtulo ndi masika olembedwa bwino kwa zaka zingapo, nyumba ya ansembe, madzi, ndi malo okhala ndi zikalata. Pa malo ndi pamene nthambi zambiri zimakodwa. Amfumu anapereka pakamwa zaka zapitazo, palibe pepala, ndiye adzukulu awo akuwafuna. Konzani zimenezo musanagule simenti ina. Dziwaninso kuti kumanga tchalitchi chatsopano kumafuna chilolezo cholembedwa cha episkopi.

FUNSO: Tinagula mtanda wosema wokhala ndi thupi la Ambuye Yesu. Chaka chisanathe unang'aluka pachifuwa, tsopano ukutuluka ufa m'timabowo. Tikufuna kusemetsanso Njira ya Mtanda, koma tikuopa kutaya ndalama. (Mayi wa m'komiti ya chipembedzo, Salima)

YANKHO: Mayi, mavuto anu ndi awiri, ndipo onse anayamba wosema asanagwire sompho. Kung'aluka kukusonyeza kuti mtengo unasemedwa uli wauwisi, kapenanso unali chipika chathunthu chokhala ndi mtima pakati. Chipika chikamauma, kunja kumafota msanga kuposa m'kati, ndiye chimatseguka kuchokera pakati kupita kunja. Ku Salima kuno zimafulumira, poti chinyezi cha dzinja chimatsatidwa ndi kutentha kwa Okutobala pansi pa malata. Ufawo ndi wa tizilombo tofukula mitengo, timene timakonda mbali yoyera ya kunja, yapafupi ndi khungwa.

Pa Njira ya Mtanda, mvanani ndi wosema motere. Agwiritse ntchito matabwa ochekedwa, osati zipika; mlombwa ndi mbawa zimasemeka bwino, ndipo mlombwa sufota kwambiri ukamauma. Mitengo imeneyi ndi yotetezedwa, choncho afunseni pepala la a zankhalango. Thabwa liumitsidwe pamthunzi podutsa mphepo, losanjikizidwa ndi timitengo pakati, mapeto ake atapakidwa penti kapena phula kuti asang'ambike. Muyeso wa amisiri ndi chaka chimodzi pa masentimita awiri ndi theka a kuchindikala, kotero thabwa la masentimita 5 lifuna pafupifupi zaka ziwiri. Ngati mulibe chida choyezera chinyezi, liyezeni pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kukasiya kutsika kwa mwezi wathunthu, lauma. Mbali yoyera ichotsedwe yonse. Chosema chachikulu chigobedwe kumbuyo kuti chiume mofanana, ndipo mikono ya Ambuye isemedwe payokha nkulumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, chifukwa yosemedwa mopingasa ulusi wa mtengo imathyoka paphewa.

Musanapake china chilichonse, sungunulani mankhwala ophera tizilombo ta m'mitengo, magalamu 600 a borax ndi magalamu 400 a boric acid, m'malita 10 a madzi ofunda, mupake kawiri kapena katatu pa mtengo wosapakidwa kanthu, kumbuyo komwe. Pa vanishi mankhwalawa salowa. Chikauma, pakani phula la njuchi: gawo limodzi la phula, magawo atatu a turpentine (mafuta osungunulira penti), kusungunulira m'chitini choikidwa m'madzi otentha kutali ndi moto. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ambiri amathira pa milimo ya denga, asafike pa chosema. Amadetsa nkhope ndipo sachokanso. Popachika, siyani mpata wa masentimita awiri kapena atatu pakati pa thabwa ndi khoma, kuti mphepo idutse ndiponso muone msanga njira za chiswe.

Mtanda wong'aluka uja musautaye. Thirani mankhwala aja m'timabowo ndi jakisoni, muike pepala loyera pansi pake, muone ngati ufa watsopano ukugwabe. Mng'alu utsekedwe m'chilimwe ndi kachidutswa ka mtengo womwewo. Simenti kapena pate wolimba zimaukulitsa, poti mtengo umafufuma m'dzinja pamene izo sizisuntha.

FUNSO: Wojambula wathu akufuna kujambula Yesu ndi Amayi Maria ngati Amalawi, pambali pa bwato ndi khoka. Ena akuti Mpingo suloleza. Zoona nziti? (Wa m'kwaya, Nkhotakota)

YANKHO: Mpingo umaloleza. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chokhudza chipembedzo, cha 1963, pa ndime 123 chikunena kuti Mpingo sunasankhe kajambulidwe ka mtundu umodzi kukhala kake, ndipo luso la mitundu yonse lili ndi malo m'tchalitchi bola lilemekeze nyumba ya Mulungu. Zithunzi za nkhope yoyera zimene tinazolowera nazonso zinajambulidwa ndi anthu potengera nkhope za kwawo.

Tengani komiti yanu mukaone ku Mua, m'boma la Dedza, mukatsata msewu wa M5 kum'mwera kwa Salima. Kumeneko Bambo Claude Boucher Chisale, wa ku Canada, anayambitsa KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso la zosema ndi zojambula, mu 1976, ndipo osema ophunzira pamenepo anakongoletsa matchalitchi ambiri, kuphatikizapo chapelo cha bungwe la Chikatolika la Missio ku Munich, m'dziko la Germany. Maganizo athu ndi akuti kwa anthu a kunyanja, atumwi okoka khoka pagombe longa la kwanu amaphunzitsa Uthenga Wabwino mwachangu kuposa chithunzi chogula. Komabe malire alipo. Mwana wa katekisimu azitha kuzindikira kuti uyu ndi Yesu popanda womuuza: mabala, chisoti chaminga ndi mtanda zisasowe. Nkhope isakhale ya munthu wodziwika wa m'mudzi kapena wopereka ndalama. Woyera mmodzi asabwerezedwe kawiri, ndipo zithunzi zisachuluke mpaka kuphimba guwa la nsembe. Wojambula ayambe papepala, bambo mfumu ndi akhristu aone, kenaka apite pakhoma.

FUNSO: Chithunzi cha pakhoma kuseri kwa guwa chikusupuka m'munsi ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere. Tipakenso penti? (Katekisiti, Salima)

YANKHO: Musapake kaye, a katekisiti, idzasupukanso. Zoyerazo ndi mchere umene madzi akukwera nawo m'njerwa kuchokera pansi. Zungulirani panja muone ngati dothi kapena maluwa sizinakwiririre pulasitiki ya pa maziko, imene iyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Chotsani dothilo, ikani ngalande za pa denga, ndipo konzani khonde lotsetsereka la mita imodzi kuti madzi a malata asamaime patsinde pa khoma. Ngati tchalitchi chili pa makande, yang'ananinso ming'alu, chifukwa dothi limenelo limafufuma ndi mvula nkufota m'chilimwe.

Mcherewo usesedwe ndi burashi youma. Madzi amangoubwezera m'khoma. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, matani pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse, musiye tsiku lathunthu. Ikachita thukuta kunsi, dikirani. Pamene mwakonza ndi pulasitala watsopano papite masiku 28 musanapake, ndipo penti ikhale yamadzi, poti ya gulosi imatsekera chinyezi m'kati nkutupa matuza. Mizere yakuda yotsika kuchokera kudenga ndi ya mileme. Tsekani mabowo usiku itatuluka.

Jambulani chithunzi chonse pa foni musanakhudze, ndipo ngati amene anachijambula alipo, akonze yekha. Chikakhala chakale kapena cha luso lapadera, lamulo nambala 1189 likufuna chilolezo cholembedwa cha episkopi musanachikonze, choncho kalata ipite ku dayosizi kudzera kwa bambo mfumu mvula isanayambe.