Funsani Makaniko: Ndinkangofuna kusintha paipi ya madzi pa Peugeot 504 ya malemu bambo anga

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Zomba. Malemu bambo anga anasiya galimoto ya mtundu wa Peugeot 504 ya mu 1978, ya zitseko zinayi ndiponso yoyendera petulo, yomwe yakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba kwa zaka zoposa khumi osayenda. Chaka chatha ndinaganiza zoidzutsa ndi manja anga, mothandizidwa ndi mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira umakaniko. Titaika batire ndi kuthira petulo watsopano injini inalira, ndipo vuto lokhalo lomwe tinaona linali paipi ya ku radiyeta imene inkadontha. Titasintha paipiyo pamodzi ndi chivindikiro cha radiyeta, pampu ya madzi inayamba kuchucha, ndipo titasintha pampuyo injini inayamba kuwira tikangoyenda kamtunda pang'ono. Tinamasula silinda hedi, tinapukuta mapisitoni onse mozungulitsa injini ndi sipanala, n'kuika gasiketi yatsopano. Panopa oyilo wasanduka woyererako ndipo madzi akutha mu radiyeta popanda pomwe akugwera pansi. Mabuleki nawonso anafa tsiku lomwe tinkachotsa mpweya m'mapaipi, ndipo nditakweza kapeti ndapeza kuti pansi pa mapazi a dalaivala pabooka ndi dzimbiri. Ndalama zomwe ndinapatula zinatha kalekale, ndipo mayi akunyumba akuti pabwalo pasanduka galaja. Kodi ndipitirize, ndiigulitse, kapena ndiikemo injini ya Toyota monga anzanga ena akundiuzira?

Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO

Bambo, choyamba ndikupempheni kuti injiniyo musailizenso mpaka vuto la madziwo litapezeka, chifukwa oyilo wosakanikirana ndi madzi safewetsa zitsulo, ndipo maberingi a kirankishafuti akadyeka, ntchito yomwe lero ikufuna magasiketi idzafuna kuti chitsulocho chipite kukagayidwa kwa amakina.

Zomwe zakuchitikiranizi si tsoka, ndipo n'zimene zimachitikira pafupifupi aliyense amene amadzutsa galimoto yomwe inagona nthawi yaitali. Galimoto ikamayenda, zinthu zimatha chimodzichimodzi ndipo mwini wake amasintha chomwe chathacho, koma ikaima zaka khumi, labala yense amauma pa nthawi imodzi, madzi otsalira mu injini amadya zitsulo mkati mwakachetechete, ndipo palibe chimene chimaonekera kunja. Madzi oziziritsa injini amayenda atapanikizika, ndipo chomwe chimasunga mphamvu imeneyo ndi chivindikiro cha radiyeta. Pamene paipi yanu inkadontha ndipo chivindikiro chinali chakutha, mphamvuyo inkathawira pamenepo, motero pampu ndi gasiketi zinkapumula. Mutatseka potulukirapo, mphamvu yonse inapita pa chinthu chofooka chotsatira, monga mmene chigamba chatsopano chimang'ambira malaya akale m'mbali mwake. Choncho pampuyo sinaonongeke chifukwa cha dzanja lanu, inali itatha kale, inu munangoiulula.

Nkhani ya oyilo woyererayo ndi ina, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi msampha umene wagwira amakaniko ambiri ozolowera injini za ku Japan. Mu injini zambiri, mabowo omwe mapisitoni amayendamo amakhala obooledwa mu buloko momwemo. Injini ya petulo ya 504, kaya ya 1796cc kapena ya 1971cc, ili ndi masilivu ochotseka, kutanthauza machubu achitsulo oyendamo mapisitoni, omwe amangokhazikidwa mu buloko ndipo madzi amawazungulira mwachindunji. Kunsi kwa silivu iliyonse kuli kagasiketi kopyapyala kamene kamaletsa madziwo kutsikira mu sampu, chibeseni cha oyilo chakunsi kwa injini, ndipo chomwe chimapanikiza masilivu onse anayi kuti akhale pamalo pake ndi silinda hedi. Hediyo ikachotsedwa, masilivu amakhala opanda chowagwira. Mukazungulitsa injini, pisitoni yokwera imanyamula silivu pang'ono, mwina osafika pomwe diso lingaone, ndipo kagasiketi kakale kamang'ambika kapena dzimbiri limagwera pansi pake. N'chifukwa chake odziwa Peugeot sanyamula hedi molunjika m'mwamba koma amayamba aigwedezera m'mbali kuti imatuke, kenako amamanga masilivu ndi mabawuti ndi mawashala aakulu asanakhudze kirankishafuti. Poti inu munazungulitsa injini popukuta mapisitoni, apa ndi pomwe ndikukayikira kwambiri.

Komabe musamasule injini yonse chifukwa cha kukayikira kwanga kokha. Khuthulani oyilo, chotsani sampu, dzazani madzi mu radiyeta, ndipo ngati mungabwereke kapampu kopimira radiyeta, popani mpaka pa mphamvu yomwe yalembedwa pa chivindikiro. Mukatero yang'anani kunsi ndi tochi. Mukaona kadontho kakusonkhana m'munsi mwa silivu n'kutsika pang'onopang'ono, mwapeza vuto. Ngati kumeneko n'kouma koma madzi akuchepabe, bwererani ku hedi. Hedi ya 504 ndi ya aluminiyamu pamene buloko ndi ya chitsulo, ndipo ikawira imapindika kapena kung'aluka, komanso madzi a pampopi opanda mankhwala oteteza amaidya m'mphepete mwa mabowo a madzi. Simunanene ngati munaipititsa kukapimitsa musanaibwezere, ndiponso ngati munamanga mabawuti ndi sipanala yoyezera mphamvu motsata ndondomeko yake. Gasiketi yatsopano pa hedi yopindika sichedwa kupsa.

Masilivu akafuna kukhazikidwanso, ntchito imeneyo musaichitire pansi pa mango. Mutu wa silivu iliyonse uyenera kutuluka pamwamba pa buloko ndi kagawo kochepa kwambiri ka milimita, ndipo onse anayi ayenera kufanana, zomwe zimayezedwa ndi geji, osati ndi chala. Mwana wa mlongo wanuyo akhalepo kuti aphunzire, koma woyeza akhale mmisiri wachikulire amene anazigwirapo galimotozi pa nthawi yomwe zinali zambiri m'misewu yathu, ndipo oterewa mukafunsa m'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi sasowa.

Mabuleki aja anafa pa chifukwa chofanana. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo akakhala zaka khumi madzi ake amachititsa dzimbiri mkati mwa masitala silinda. Pa kuyenda kwa masiku onse pisitoni ya mmenemo imangoyenda kagawo kochepa, komwe kamakhala kosalala, koma pochotsa mpweya mumaponda mpaka pansi, ndipo timalabala timadutsa pa dzimbiri lija n'kung'ambika. Pa mabuleki pokha sindilola kusintha chinthu chimodzichimodzi. Masitala silinda, mapaipi a labala opita ku mawilo onse, timalabala ta m'makalipa ndi mapaipi achitsulo omwe adyeka, zonsezi zikonzedwe nthawi imodzi, chifukwa paipi ya madzi ikaphulika mumaima m'mbali mwa msewu, koma ya mabuleki ikaphulika mukutsika phiri la Zomba nkhani yake ndi ya maliro. Fumbi la mabuleki akale musalipemerere ndi mpweya, lipukuteni ndi nsanza yonyowa, poti zipangizo za nthawi imeneyo zinkakhala ndi asibesitosi.

Musanagule chilichonse mwa zimenezi, pali chinthu chimene chiyenera kugamula ngati mupitirize kapena ayi, ndipo ndi dzimbiri lija. Peugeot 504 ya zitseko zinayi ilibe tchesi yapadera ngati ya lole, thupi lake ndilo limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu. Chotsani mipando ndi kapeti yense, tengani sikuludiraiva ndipo mubaye molimba pansi ponse, m'mphepete mwa pansi pa zitseko, m'buti, pamwamba pomwe mashoko akutsogolo amangidwa, ndi pomwe zitsulo zonyamula mawilo akumbuyo zagwira thupi. Masamba a mango amatseka ngalande zomwe zili kunsi kwa galasi lakutsogolo, madzi a mvula n'kumalowera mkati, ndipo n'kutheka kuti bowo la pansi pa dalaivala linabwera motero. Ngati labooka ndi pansi pokha, wowotcherera wabwino adula n'kuikapo chitsulo china, ndipo galimotoyo ndi yoyenera kuipulumutsa. Ngati sikuludiraiva ikulowa pomwe pamangidwa mashoko kapena zonyamula mawilo, ndiye kuti mukufunika thupi lina, ndipo pamenepo ndingakulangizeni kuti muime, ngakhale ili ya bambo anu.

Tinene kuti thupi lapezeka lolimba. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mawu akuti poti tamasula kale, tingokonzeratu. Mawu amenewa nthawi zina ndi anzeru ndipo nthawi zina ndi omwe amasandutsa galimoto kukhala mulu wa zitsulo m'makatoni. Muyeso wanga ndi wakuti, injini ikakhala pansi, sinthani zokhazo zimene simungazifikire popanda kuitsitsanso, monga kilatchi ndi beringi yake, masilu a kirankishafuti, maring'i ndi maberingi ngati geji yaonetsa kuti atha. Radiyeta itsukidwe ndipo themositati ipimidwe, chifukwa chomwe chinawiritsa injini poyamba paja simunachipeze, ndipo mukachisiya chidzaotchanso gasiketi yachitatu. Zina zonse, monga mipando yong'ambika, mabampala ndi wailesi, zilembeni m'kope n'kuzisiya. Penti ndiye womalizira, ngakhale ndikudziwa kuti ndi amene mtima umafuna kuyamba naye kuti anthu aone kuti pakuchitika kanthu. Musamasule mbali yachiwiri ya galimoto pamene mbali yoyamba isanatsekedwe, jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse, ndipo mabawuti a malo amodzi aikeni m'kachitini kawo kolembedwa.

Walira mvula walira matope, choncho yembekezeraninso zina zitatu. Petulo wa kuno kwathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amayamwa madzi, motero thanki yomwe inagona ndi petulo pang'ono imakhala ndi dzimbiri lomwe lidzatseka kabureta mobwerezabwereza mpaka mutaitsitsa n'kuitsuka, ndipo mapaipi a petulo a labala ayenera kusinthidwa onse poopa moto. Matayala atayeni ngakhale mapanda ake akuoneka akuya, ndipo pogula ena werengani manambala anayi omalizira pa chizindikiro cha DOT, omwe amanena sabata ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Mawaya nawonso ayang'anitsitseni, poti makoswe amakonda kumanga zisa kuseri kwa dashibodi.

Za injini ya Toyota, sindikuvomereza pakali pano. Anzanuwo akunena zoona kuti zipangizo zake zimapezeka paliponse, koma pa 504 ngati yanu shafuti yopita kumbuyo imadutsa mkati mwa chubu chachitsulo chomwe chamangidwa ku giyabokosi ndi ku difu, kotero kuika injini ndi giyabokosi za mtundu wina kumafuna kusula zolumikizira, kusintha zokhazikapo injini, ekizozi ndi mawaya, ndipo mndandanda wa mavuto umayambiranso pachiyambi. Injini yanuyo ndi yosavuta, ndipo masilivu omwe akuvutitsani lerowa ndi omwenso amachititsa kuti ikonzeke popanda kuboola buloko. Galimoto imeneyi inatuluka mu 1968, inapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndipo inapitirira kulumikizidwa ku Kenya mpaka mu 2004 ndi ku Nigeria mpaka mu 2006, zomwe zikutanthauza kuti magasiketi, masilivu ndi mapisitoni ake si zinthu zosowa kwa amalonda oitanitsa katundu kunja.

Polowa kunsi musadalire jeke kapena njerwa, gwiritsani ntchito zoimikira zachitsulo pa nthaka yolimba, ndipo pa tsiku lowotcherera thupi la galimoto, thanki ya petulo ndi batire zikhale zitachotsedwa. Pomaliza, fufuzani blue book ya galimotoyo musanaonongenso ndalama ina. Ngati ikadali m'dzina la malemu, mufunika zikalata za chuma cha masiye ndi mgwirizano wa abale anu kuti a Road Traffic asinthe umwini, ndipo popanda zimenezo simudzapeza COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena inshuwalansi m'dzina lanu. Mukadziwa za mapepala ndi za dzimbiri, funsani mitengo ya injini, mabuleki, matayala ndi kuwotcherera, muphatikize zonse pa pepala limodzi, ndipo chiwerengero chimenecho mukachione pamodzi ndi mayi akunyumba musanagule gasiketi ina.