Ndimasuta chamba kuti ndipeze tulo: kodi unamwino wanga uli pachiswe?

Amayi,

Ndine namwino wamwamuna wa zaka 29 ndipo ndimagwira ntchito m'wodi ya ana. Ndikagwira mashifiti a usiku motsatizana, ndimafika kunyumba m'mawa thupi lili lofooka koma tulo osabwera. Mnzanga wina anandipatsa chamba kuti ndiyeseko, ndipo tsiku limenelo ndinagona bwino. Panopa ndimasuta pafupifupi tsiku lililonse ndikaweruka. Kuntchito sindinasutepo, komanso sindinalowepo m'wodi nditaledzera. Ndamva mphekesera zoti akuluakulu akufuna kuyamba kutiyeza mkodzo. Kodi ndisiye masiku angati kuti chisaoneke? Nanga zimene ndimachita kunyumba kwanga zikuwakhudza chiyani?

Namwino wosowa tulo

Achimwene,

Ndiyambe ndi funso la masikulo, poti ndi limene lakusowetsani mtendere. Chimene chimaledzeretsa m'chamba ndi THC, ndipo THC imakabisala m'mafuta a m'thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono. Poyeza mkodzo amafufuza zotsalira zake, chiwindi chikatha kuiphwanya. Amene wasuta kamodzi, zotsalirazo zimaoneka kwa masiku pafupifupi atatu. Wosuta tsiku ndi tsiku ngati inu zimatha kuoneka mpaka masiku 30, ena kupitirira pamenepo. Akayeza tsitsi ndiye amabwerera m'mbuyo mpaka masiku 90. Za kumwa madzi ambiri tsiku loyezetsa musadzivutitse nazo, chifukwa ku labotale amazindikira mkodzo wosungunuka, ndipo chikayiko chimangowonjezereka.

Koma ine kuyezako sikukundidetsa nkhawa kwenikweni. Mwati simunalowepo m'wodi mutaledzera, ndipo ndikukhulupirira kuti mukunena zimene mukumva m'thupi mwanu. Vuto ndi loti mutu umene ukuweruza kuti "ndili bwinobwino" ndi womwewo umene wasuta. Mu 1985 ku America, akatswiri anatenga oyendetsa ndege 10 odziwa bwino ntchito yawo, aliyense n'kusuta ndudu imodzi ya chamba, kenako n'kuwayesa pa makina ophunzirira kuyendetsa ndege. Patatha maola 24 anali akulakwitsabe poteretsa ndege, koma eniakewo sankaona vuto lililonse. Anthu 10 ndi ochepa, ndipo kafukufuku wina wa pambuyo pake sanapeze zofanana nthawi zonse. Komabe taganizani za inuyo: simusuta ndudu imodzi n'kupuma maola 24. Mumasuta m'mawa, madzulo a tsiku lomwelo mwavala yunifomu, mawa lake chimodzimodzi.

Chamba chimakhudza kwambiri kukumbukira zimene wangomva kumene, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi changu chochitira zinthu. Ntchito ya m'wodi ya ana yagona pa zomwezi. Kwa akuluakulu nthawi zambiri mulingo wa mankhwala umakhala wodziwika kale, koma kwa ana mumachita kuwerengera malinga ndi kulemera kwa mwanayo. Khanda la makilogalamu 3 silikhululuka kadontho kakasochera pakati pa 0.5 ml ndi 5 ml. Gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, akapitirira mulingo amawononga impso ndi makutu; morphine, mankhwala ochepetsa ululu, akapitirira amafooketsa kupuma. Onjezanipo madontho a diripi, ndi lipoti limene mnzanu wakupatsani pa changu inu mukusamba m'manja, loti mwana wa pabedi lakumapeto wakomoka kawiri masana. Namwino wosasuta naye amalakwitsa, makamaka cha m'ma 3 koloko usiku. Kusiyana kwake ndi koti inu mukadzalakwitsa, akadzakuyezani n'kupeza chamba, palibe amene adzamvenso zoti munali nokha pa ana 40 kapena zoti dokotala analemba mosaoneka bwino. Nkhani yonse idzakhala ya chamba.

Mwafunsa kuti za kunyumba kwanu zikuwakhudza chiyani. Namwino amayankha ku mbali ziwiri: ku malamulo a dziko, ndi ku khonsolo imene inamupatsa chiphaso. M'mayiko ambiri kupezeka ndi chamba ndi mlandu, ndipo khoti likakupezani wolakwa, nkhaniyo imakafika ku khonsolo. Ngakhale kumene analoleza kusuta, monga ku Uruguay mu 2013 ndi ku Canada mu 2018, chipatala ndi khonsolo ali ndi mphamvu yolanga namwino amene wabwera kuntchito mutu usali bwino. Ngati muli ndi maganizo odzakagwira ntchito kunja, dziwaninso kuti kumeneko amafuna kalata ya khonsolo yanu yotsimikiza kuti mbiri yanu ndi yoyera, ndi kalata ya apolisi.

Pali china chimene sichinalembedwe m'buku lililonse la malamulo, ndicho makiyi a kabati ya mankhwala oopsa. Pachipatala china pamene ndinagwirapo ntchito panasowa botolo limodzi la pethidine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Tonse a shifiti imeneyo tinafunsidwa, koma maso a aliyense anali pa mnyamata wina amene zinkadziwika kuti amasuta. Pambuyo pake zinapezeka kuti wina anangoiwala kulemba m'kaundula. Mnyamatayo analibe mlandu, koma makiyi aja sanawagwirenso, ndipo maphunziro apamwamba atatuluka dzina lake silinatchulidwe n'komwe. Chilungamo panalibe pamenepo, koma ndi mmene mawodi amakhalira.

Tsopano za tulo, poti ndiye gwero la zonse. Chamba chimagonetsa msanga masiku oyamba, koma chimachepetsa gawo la tulo limene timalota, ndipo thupi likazolowera mumafuna chochuluka kuti mugone chimodzimodzi. Mwa anthu 10 amene amasuta chamba, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya, ndipo kwa osuta tsiku lililonse chiwerengerocho chimakwera kwambiri. Mukasiya, yembekezerani kusowa tulo, maloto achilendo, kupsa mtima msanga, kusafuna kudya ndi chibaba. Zimayamba pakatha tsiku limodzi kapena awiri, zimavutitsa kwambiri sabata yoyamba, ndipo zambiri zimazilala pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, ngakhale tulo timatha kuchedwerapo. Ambiri amagwa pa tsiku lachitatu n'kumati "mwaona, popanda chamba sindigona", osadziwa kuti n'chamba chomwecho chikutsanzika.

Choncho siyani nthawi imene muli pa tchuthi kapena pa mashifiti a masana, osati pakati pa mausiku. Onanani ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo amene si wa pawodi panu, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine. Kwa matironi simukuyenera kuyamba ndi za chamba. Auzeni kuti mausiku otsatizana akukuwonongerani tulo ndipo mukupempha kuti aunikenso ndandanda. Khofi musiyeni maola angapo shifiti isanathe, chipinda chikhale chamdima, foni ikhale kutali. Ndipo chonde, musasinthanitse chamba ndi mowa kapena diazepam, mankhwala ogonetsa a m'kabati. Amene atsata njira imeneyo ndi amene ndawaona akutaya chiphaso msanga kuposa osuta.

Amayi,

Mnzanga amene timagwira naye usiku wabwera kangapo akununkha chamba, maso ali psuu. Ndi munthu wabwino ndipo ali ndi ana. Ndikamunenera ndikhala ngati ndamuchotsetsa ntchito. Nditani?

Namwino wothedwa nzeru

Achemwali,

Fungo ndi maso ofiira si umboni wokwanira, ndipo ngakhale choyezera mkodzo chopereka zotsatira mofulumira chimanama nthawi zina. Efavirenz, mmodzi mwa mankhwala a HIV, amadziwika kuti amatha kuonetsa ngati munthu wasuta chamba pa zoyezera zina, n'chifukwa chake zotsatira zotere zimayenera kutsimikizidwa ku labotale. Ndiye musathamangire kumutcha dzina m'chipinda chopumira.

Yang'anani ntchito yake. Ngati ikuyenda bwino ndipo chimene mwaona ndi fungo lokha, mutengereni pambali shifiti ikatha, mumuuze mosapita m'mbali zimene mwaona ndi kuti ena aziona posachedwa. Koma ngati usiku wina akubwerezabwereza kufunsa chinthu chimodzi, akusokoneza mafayilo, kapena akulephera kuwerengera mulingo, musadikire kuti kuche. Tengani makiyi a mankhwala, asabaye jakisoni aliyense, ndipo itanani woyang'anira usiku umenewo. Polemba lipoti lembani nthawi ndi zimene mwaona ndi maso anu, monga "cha m'ma 1 koloko anakonza mankhwala a bedi 6 kawiri", osati "anali atasuta". Mukakhala chete wodwala n'kuvulala, khonsolo idzakufunsani inunso kuti munaona liti ndipo munauza ndani.