Kodi N'kulakwa Kuseka Pamene Amayi Ali Chigonere?

FUNSO: Ndatha zaka ziwiri ndikudwazika amayi anga, amene anafa ziwalo zakumanja chifukwa cha sitiroko ndipo amayankhula movutikira. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza usiku, koma masiku ena ndimadzuka nditakwiya, ndipo ndikaseka ndi anzanga ndimadziona ngati mwana wosayamika. Kodi chimwemwe chingapezeke pa ntchito yotereyi? Ndine mayi wotopa.

YANKHO: Mayi, kukwiyako sikukusonyeza kuti chikondi chatha. Munthu amene amadzuka pafupifupi maola awiri alionse kuti atembenuze wodwala, poopa zilonda zimene zimabuka m'chiuno ndi m'zidendene chifukwa chogonera mbali imodzi, sagona tulo tokwanira, ndipo wosowa tulo sachedwa kupsa mtima.

Cicely Saunders, dokotala amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalirako odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha, koma umakhudzanso maganizo, mzimu ndi ubale wake ndi anthu. Ine ndimaona kuti ululu umene odwazika matenda sauzindikira msanga ndi wakuti wodwalayo amadziona kuti wasanduka katundu, ndipo nthawi zina ifeyo, pofuna kumaliza ntchito mwachangu, timauwonjezera. Pa chakudya cha mawa, apatseni supuni m'dzanja lamanzere, muwasiye alimbane nayo ngakhale chakudya chitayikire pa nsalu, kenako muyang'ane nkhope yawo supuniyo ikafika pakamwa. Muziwafunsanso maganizo pa nkhani za m'banja, chifukwa akadali mayi anu ndipo ulemu umenewo amaumva.

Yesaninso nyimbo. Sitiroko imene yapha ziwalo zakumanja imakhala itavulaza mbali yakumanzere ya ubongo, kumene anthu ambiri amakonzera mawu, koma odwala ena amene amalephera kulumikiza chiganizo amatha kuyimba nyimbo imene anaizolowera kalekale. Mukapeza kuti amayi akukutsatirani ngakhale mzere umodzi, tsiku limenelo simudzaliiwala.

Kwa abale, musamangodandaula kuti mwatopa, koma tchulani tsiku ndi ola limene mukufuna kuti wina akulandireni. Chisoni chikakupanikizani kupitirira milungu iwiri, mpaka chakudya osachifunanso, kaonaneni ndi achipatala. Ndipo mukakaseka ndi anzanu, musasiye nkhaniyo pakhomo: loweni nayo, mukhale m'mbali mwa bedi, muwafotokozere amayi chimene chinakuseketsani.