Mawu a mwana wanga asintha, kodi asiye kwaya?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 13, ndipo wakhala akuimba soprano m'kwaya ya achinyamata kuyambira ali wamng'ono, moti nyimbo zambiri ankazitsogolera ndi iye. Miyezi yapitayi mawu ayamba kumuthawa. Akati akweze, amatuluka osasa kapena osatuluka n'komwe, anzake n'kuseka. Mphunzitsi wa kwaya wamuuza kuti aziima kumbuyo n'kumangoyendetsa milomo mpaka mawu adzakhazikike, ndipo tsopano mnyamatayo akukana kupita kophunzira nyimbo. Mayiwo akufunsa kuti: "Ndimulole asiye? Nanga akapitiriza kuimba panopa, sawononga mawu ake?"

Amayi, zikomo polemba. Ine ndikuti asasiye. Komanso musamubwezere kukaima kumbuyo ali duu, chifukwa chomwe chikumuthamangitsa ndi malo amenewo.

M'kholingo mwa munthu muli timinofu tiwiri tomwe timanjenjemera mpweya ukamachoka m'mapapo, ndipo kunjenjemerako ndiye mawu. Mnyamata akayamba kutha msinkhu, homoni (kachinthu ka m'magazi koyendetsa kakulidwe ka thupi) yotchedwa testosterone imachuluka m'thupi, kholingo limakula mpaka kuonekera pakhosi, timinofu tija timatalika n'kukhuthala. Pa gitala chingwe chokhuthala chimalira pansi kuposa chopyapyala, ndipo pakhosi zilinso choncho. Mawu a mnyamata amatsika pafupifupi kuchoka pa doh wam'mwamba kufika pa doh wam'munsi, pomwe a mtsikana amangotsika pang'ono. Ambiri zimawayamba ali pakati pa zaka 12 ndi 14, ndipo zimatenga chaka kapena ziwiri, ena kupitirira apo. Mwana wanu anazolowera kuti akafuna noti yakutiyakuti, pakhosi azimanga mwakutimwakuti. Akumangabe momwemo, koma kholingolo lakula, ndiye noti ikugwera pena. Matenda palibe, ndipo luso lake silinapite kulikonse.

Malangizo a mphunzitsiyo sanawapeke yekha. Kale m'makwaya ambiri a ku Ulaya, makamaka a m'matchalitchi aakulu a ku England, ankakhulupirira kuti mnyamata azipumitsa mawu mpaka kusinthako kuthe. Maganizowa anayamba kutsutsidwa pakati pa zaka za m'ma 1900. Irvin Cooper, mphunzitsi wa nyimbo ku America, ankalembera anyamata otere gawo lawolawo lomwe analitcha cambiata. Pambuyo pake katswiri wina wa ku America, John Cooksey, anatsatira gulu la anyamata kwa zaka zingapo, kumvetsera mmene mawu awo akusinthira, ndipo anaonetsa kuti kusinthaku kumayenda m'magawo otsatizana. Pa gawo lililonse mnyamata amakhala ndi manotsi ena omwe amawaimba bwinobwino, ngakhale nthawi zina amakhala ochepa kwambiri. Lero aphunzitsi ambiri odziwa mawu a ana amati aziimba ndithu, bola aziimba manotsi omwe ali nawo.

Koma chomwe chikundikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mtima wa mwanayo. Taganizirani. Kuyambira ali wamng'ono anthu amamudziwa ndi mawu amenewo. Akaimba, m'chipinda mumati zii, akulu n'kumuyamikira pambuyo pake. Ana ambiri pa msinkhu umenewu sadziwa chomwe amachita bwino kuposa anzawo, koma iye ankadziwa. Ndiye chinthu chimenecho chamuchokera popanda kulakwa kwake, pa nthawi yomwe mnyamata amachita manyazi ndi chilichonse cha m'thupi mwake, ndiponso pamaso pa atsikana omwe mawu awo akukomerakomerabe. Sangakuuzeni kuti akumva chisoni. Angonena kuti kwaya yamukwana, kapena kuti ndi za atsikana. Musamutsutse, koma dziwani chomwe chili kuseri kwa mawu amenewo. Ine ndimaona kuti makwaya ambiri a akulu amasowa amuna chifukwa anawataya pa zaka zimenezi, iwo akuganiza kuti kuimba kwawathera.

Joseph Haydn, mmodzi wa opeka nyimbo otchuka kwambiri ku Ulaya, anakumana nazo. Ali mwana ankaimba m'kwaya ya tchalitchi chachikulu cha St Stephen ku Vienna, m'dziko la Austria. Mawu ake atayamba kusintha, nyimbo zomwe ankatsogolera zinapita kwa mng'ono wake Michael, ndipo cha m'ma 1749, ali ndi zaka pafupifupi 17, anamuchotsa n'kuyamba kuvutika ndi umphawi. (Nthawi imeneyo mawu ankasintha mochedwa kuposa lero, ndiye anyamata athu zikuwagwera akadali anthete.) Koma kwaya ya Thomanerchor ya ku Leipzig, m'dziko la Germany, yomwe inayamba mu 1212 ndipo wopeka nyimbo wotchuka Johann Sebastian Bach anaitsogolera kuyambira 1723 mpaka 1750, imasunga anyamata ake kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 9 mpaka 18. Amene amaimba tena ndi besi m'kwaya imeneyi ndi anyamata achikulire a momwemo, ambiri mwa iwo omwe ankaimba soprano ndi alto ali aang'ono. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa mnyamata wotere amabwera nalo kale khutu lakuthwa, amadziwa kusunga mpweya, kutsatira dzanja la mphunzitsi ndi kumvetsera mnzake wapambali.

Pitani mukaonane ndi mphunzitsiyo panokha, mwanayo palibe, ndipo osati mokalipa. Apempheni amuitane pa kiyibodi, anzake asanafike, apeze pomwe mawu ake akuyambira ndi pomwe akuthera. Azibwereza zimenezi pakapita milungu ingapo, poti malirewo amasuntha. Kawirikawiri mnyamata amatsikira kaye ku alto, kenako ku tena, ndipo kudziwa kuti adzakhala tena kapena besi kumabwera patsogolo. Noti ikamukanika ailumphe, ayambirenso pomwe angathe. Aime pafupi ndi mnyamata wamkulu yemwe anadutsamo kale. Za kusekazo, mphunzitsi alankhule ndi kwaya yonse kamodzi momveka bwino, osamutchula dzina, kuti mnyamata aliyense m'gulumo tsiku lake likubwera.

Zomwe zingavulazedi mawu ndi kukakamiza. Ena amakankhira m'mwamba kuti asataye soprano yawo, mitsempha ya pakhosi n'kuchita kutuluka. Ena amakanikizira pansi kuti amveke ngati bambo nthawi isanakwane. Zonsezi azipewe, pamodzi ndi kukuwa kwambiri. Azimwa madzi okwanira, aziyamba ndi kung'ung'udza pang'onopang'ono asanaimbe mokweza, ndipo pakhosi pakawawa aleke tsiku limenelo. Ngati mawu asasa kwa milungu itatu osasintha, kapena akumva ululu polankhula, mupite naye kuchipatala.

Kunyumba musamuseke mawu akaterereka, ndipo abale ake muwaletse. Ngati pali bambo ake, amalume kapena mwamuna wina yemwe amamulemekeza, amufotokozere mmene iye zinamuchitikira. Mphunzitsi akakana kumupezera gawo loti aziimba, funani kwaya ina yomwe ili ndi anyamata a msinkhu wake, ndipo mumufunse mwanayo ngati angakonde kukaiona kaye musanamulembetse.