Galu wanga wa ntchito wafa ndi matenda: ndinalakwitsa pati, nanga ndimkumbukire bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wapolisi amene amayenda ndi galu pa ntchito yawo. Galuyo, wa mtundu wa German Shepherd, anagwira nawo ntchito zaka 7, kulondola mapazi a akuba ndi kufunafuna anthu osowa. Tsiku lina m'mawa anangoti khapa pansi, nkhama zili mbee. Dokotala wa ziweto anapeza kuti chotupa cha khansa chaphulika m'kapamba, ndipo pofika madzulo galu anali atatsikira kuli chete. Mafunso awo ndi awiri: "Kodi ndinalephera bwanji kuona kuti mnzangayu akudwala? Nanga galu wongofa ndi matenda, osati pa ntchito, ndi woyenera kumuchitira mwambo?"

Pepani kwambiri, bambo. Ndiyambe ndi funso loyambalo chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo.

Mmene mwafotokozera, zikufanana kwambiri ndi khansa yotchedwa hemangiosarcoma. Imayambira m'timaselo ta m'kati mwa mitsempha ya magazi, ndipo imakonda kumera m'kapamba, pamtima kapena m'chiwindi. Agalu a mtundu wa German Shepherd ndi Golden Retriever ndi ena mwa amene imawavuta kwambiri, makamaka akayamba kukula. Kuipa kwake n'kwakuti imakula mwakachetechete. Chotupa chimatha kuchucha magazi pang'ono m'mimba, galu n'kufooka tsiku limodzi, osafuna kudya, kenako thupi n'kumwa magaziwo lokha. Mawa lake wadzuka, akugwedeza mchira, akukoka chingwe kulunjika kugalimoto. Ndani angathamangire kwa dokotala ndi galu wotere? Aliyense anganene kuti anangotopa ndi ntchito ya dzulo. Onjezaniponso kuti galu wa ntchito amasankhidwa chifukwa cha mtima wosagonja. Ululu umene ungagonetse galu wapakhomo, iye amaupirira akangoona mpira wake m'manja mwanu.

Chinanso chimene muyenera kumva, ngakhale n'chowawa: khansa imeneyi nthawi zambiri imakhala itafalikira kale pomwe ikudziwika. Ngakhale kapamba achotsedwe, galu alandirenso mankhwala a khansa, agalu ambiri amangokhala miyezi yowerengeka. Mukanaizindikira msanga, mwina mukanapeza nthawi yotsanzikana naye bwino. Kumuchiza kokha n'kokayikitsa.

Tsopano za mwambo. Ndikudziwa kumene maganizo oti galu wofa ndi matenda sayenera mwambo akuchokera. Agalu amene dziko limawamva ndi amene anakhetsa magazi. Chitsanzo ndi Finn, galu wa apolisi wa ku England amene anabayidwa ndi mpeni ku Stevenage mu 2016 poteteza wapolisi amene ankayenda naye. Nkhani yake inabweretsa lamulo la mu 2019 lolimbikitsa chitetezo cha nyama zogwira ntchito ndi apolisi. Koma Finn yemweyo sanafe ndi mpeniwo. Anachira, anapuma pa ntchito, n'kumwalira atakalamba mu 2023, ndipo anthu anamulira ndithu. Ku America apolisi ambiri amaima pamzere kunja kwa chipatala cha ziweto, kupereka sawatcha kwa galu wodwala amene akulowa komaliza, ndipo ena amaitana dzina lake pa wailesi ya apolisi kusonyeza kuti ntchito yake yatha. Sakulemekeza njira imene wafera ayi, akulemekeza zaka zimene wagwira. Mwana amene galu wanu anamupeza atasochera sanafunse kuti galuyu adzafa ndi chiyani.

Ine ndikanakhala inu, sindikanadikira kuti akuluakulu ayambitse. Pemphani msanga lamba wake wa m'khosi ndi chingwe, chifukwa zimenezi ndi katundu wa ofesi, ndipo mukachedwa zibwerera kusitolo n'kupatsidwa galu wina. Kenako tengani buku lake la ntchito, lija mumalembamo maphunziro ake ndi ulendo uliwonse kuti umboni wake uzimveka kukhoti. Anthu ambiri amaliona ngati mapepala otopetsa, koma mbiri yake yonse ili mmenemo. Sankhanimo nkhani zingapo, muitane amene ankagwira naye ntchito, ngakhale atakhala anthu asanu okha, muwawerengere. Musasiye zoseketsa, monga tsiku limene anakana kutsika m'galimoto kapena nsapato ya bwana imene anatafuna. Zipilala ndi zithunzi za m'mafelemu n'zabwino ngati ndalama ilipo, koma ine ndaona kuti nkhani zotere n'zimene zimamasula anthu kulira, ngakhale aja amadzionetsa ngati olimba mtima.

Ana anu musawaiwale ngati galuyo ankagona kwanu. Auzeni zoona, kuti anadwala ndipo wafa. Mawu oti "wapita kutali" amangowasiya akuyang'ana kugeti.

Mwanena kuti akufuna kukupatsani galu wina mwezi wamawa, ndipo mukuona ngati kumulandira n'kupereka mnzanu. Mulandireni, koma musamupatse dzina la womwalirayo, ndipo musamuyese ndi muyeso wa galu wa zaka 7 pa ntchito. Adzalakwitsa zinthu zimene winayo anasiya kulakwitsa kalekale, ndipo zidzakupsetsani mtima.

Pa galu watsopanoyo, zolowerani kumutukula mlomo n'kuona nkhama. Zikhale zofiirira. Zikayera, kapena akafooka mwadzidzidzi n'kupezanso bwino, pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo mufunse ngati angamuunike m'mimba. Agalu akuluakulu a chifuwa chozama amakhalanso pangozi ya kupotokola kwa chifu: mimba imafufuma ngati ng'oma, galu akufuna kusanza koma osatuluka kanthu, malovu ali chuchuchu. Imeneyo imapha m'maola ochepa, choncho nambala ya dokotala wa usiku ikhale m'foni mwanu komanso mwa aliyense amene amatsala ndi galu inu mukachoka.