Yankho kwa asuweni pa za mafoni ndi mitundu ya eni nthaka

Asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa ngati mafoni ndi intaneti zingatukuledi miyoyo ya mitundu ya eni nthaka, aja okhala m'nkhalango ndi m'mapiri kutali ndi maofesi a boma. Komatu inu ndimakudziwani kuyambira tili ana, simufunsa chinthu mwachindunji. Chimene chikukusowetsani tulo ndi ntchito mwapeza ija, yolowetsa mayina a anthu amenewa m'kompyuta, ngati idzawathandiza kapena kuwapweteka.

Ndiyambe ndi amalume. Mukukumbukira chaka chija anasiyana mawu ndi azakhali pa nkhani ya njinga? Chaka chomwecho anapita kukalandira thandizo la okalamba, ndipo anawauza kuti aike chala pa makina. Zala zawo zinali zitaperepeseka ndi mpini wa khasu, mizere yonse itafufutika. Anaika chala chachikulu, makina anakana; anaika cha mkombaphala, anakananso. Mtsikana wa pa makinawo anawauza kuti apukute, iwo n'kupukuta pa malaya, kenaka n'kupuzirapo mpweya ngati akukoleza moto. Anabwerera chimanjamanja katatu... ayi, ndikonze, kanayi, chifukwa ulendo wachinayiwo ndinawaperekeza ndine. Potuluka anayang'ana m'manja mwawo nthawi yaitali, kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi makinawa akuti ine sindine?" Dzina lawo linalimo m'kaundula, mtsikanayo ankawaona ndi maso, koma analibe chilolezo chowapatsa kanthu.

Zoterezi zachitikira Aadivasi ambiri, omwe ndi eni nthaka a ku India, kumene Aadhaar, nambala ya boma yozindikiritsa munthu ndi zidindo za zala zake, imene inayamba kuperekedwa mu 2010, inalumikizidwa ndi chakudya cha boma. M'chigawo cha Jharkhand mabanja ena anamanidwa chakudya chifukwa chala chakanidwa kapena netiweki yasowa. Koma m'dziko lomwelo, ku Chhattisgarh, mtolankhani Shubhranshu Choudhary anayambitsa CGNet Swara mu 2010. Munthu amaimba pa foni wamba, n'kunena dandaulo lake ndi pakamwa, ngakhale m'Chigondi, chilankhulo cha mtundu wa Agondi, kaya ndi la mjigo wowonongeka kapena la malipiro ochedwa, ndipo ena amamva n'kuyamba kukumbutsa akuluakulu a boma. Safunika kudziwa kulemba. Ku Brazil nakonso, mfumu ya Asuruí, eni nthaka a m'nkhalango ya Amazon, Almir Suruí, inapita yokha kwa a Google mu 2007, anthu ake n'kuphunzira kujambula mapu a nkhalango yawo ndi kuonetsa pamene akuba mitengo alowa.

Tsono, asuweni... dikirani, musayambe kulemba yankho ndisanamalize, monga mwa chizolowezi chanu. Kusiyana kwake kuli pa mwini chipangizo. Chikakhala m'manja mwa anthuwo, m'chilankhulo chawo, chimawapatsa mawu. Chikaima pakhomo kuti chizisankha wolowa, chimatsekera kunja ofooka. Ndikutanthauza kuti Agondi ndi Asuruí ankalankhula kudzera m'makina, pamene amalume makina ndi amene ankawalankhulira, ndipo anawanamizira. Ndibwerezenso kuti mumve bwino: funsani kuti wagwira chipangizocho ndani, ndiponso amene chamukana apita kwa yani.

Ntchitoyo ivomereni. Koma tsiku loyamba mukafunse mabwana anu ngati eni ake anavomera kuti mayina awo alembedwe, amene adzasunge mayinawo, ndi njira ina yothandizira munthu chala chikakana. Akakuyankhani mudzandiimbire, ndikufuna kumva ndi makutu anga.